Kamchira ka Março pa Simenti ya Atate

Tinabwerera ku Maravia nkhondo itatha, pa kamiyawo, galimoto yaikulu ya katundu, wodzaza mitolo, nkhuku ndi anthu amene ankangoyang'ana tchire osayankhula. Ine ndinachoka kuno ndili wakumsana, ndipo ndinabwerako ndili mtsikana wamkulu. Pamudzi pathu tinapeza udzu wofika m'khosi. Mitengo ya mango yokha ndiyo inatiuza pamene panali nyumba.

Atate anathawa ali mlimi, anabwerera ali mmisiri. Ku Zambia, kumalo kumene ankatisunga, anaphunzira kuumba njerwa, kuyala maziko ndi kupaka simenti. Titafika kuno ntchito inawapeza yokha, pakuti chilichonse chinali chogumuka. Anamanga nawo makalasi, tchalitchi, ndi timasitolo ta pamsika wa ku Fíngoè. Anthu ankawatcha apedereru, kutanthauza mmisiri womanga nyumba. Kuwerenga ankadziwa, koma Chinyanja chokha, cha m'buku la nyimbo. Chipwitikizi chawo chinali cha moni ndi chogulira mchere basi.

Ife obwerera tinali ndi dzina lathu: a ku Zambia. Silinali lotukwana, koma linkatuluka msanga munthu ukalakwitsa kanthu. Ku shikola anandibweza m'kalasi la tiana, chifukwa Chingerezi changa chinalibe ntchito kuno. Ndinkakhala kumbuyo, mawondo atatsala pang'ono kufika pachibwano, ndikuphunzira kuti c akakhala ndi kamchira pansi amamveka ngati s, ndipo kamchirako dzina lake ndi sedilya. Tsiku lina ndinalemba Marco pa bolodi m'malo mwa Março. Apulofesori anati marco ndi mwala wa m'malire, si mwezi, ndipo tiana tonse tinagwa nako kuseka. Chipwitikizi ndinachiphunzira ndi mkwiyo, ndipo ndinachidziwa bwino.

Nditamaliza shikola ndinapita ku Tete kukaphunzira za komputadori kwa miyezi ingapo. Pobwerako ndinakwatiwa ndi mnyamata wa ku Chipera, ndipo ndinapeza ntchito ku bungwe la alimi pa Fíngoè pomwepo. Bungweli linali ndi chipinda chimodzi, painelo ya dzuwa padenga, bateriya pansi pa tebulo, komputadori yakale ndi impuresora yosindikizira mapepala. M'komputadorimo munali kapulogarama kamene anatilembera mnyamata wina wa kumzinda asanapite kukagwira ntchito kwina. Ntchito yake inali yochepa koma yofunika. Ukasankha tsiku, iko kankalemba tsikulo lonse m'mawu pamwamba pa pepala, kuyambira malo, dzina la tsiku, mpaka mwezi. Timapepala timeneti tinkapita kumidzi kukauza anthu tsiku lobaya ng'ombe katemera, tsiku lotenga mbewu, tsiku la msonkhano.

Poyamba kankalemba Chipwitikizi chokha. Ine ndinafufuza mpaka ndinapeza fisheru, kapena kuti fayilo, imene munali mayina a masiku ndi miyezi, ndipo ndinawonjezamo mzere wa Chinyanja, kuti amene sadziwa Terça-feira aone Lachiŵiri, amene sadziwa Sábado aone Loŵeruka. Ndinaika kachipewa pa w monga muja akulembera m'mabuku a nyimbo amene akuluakulu athu anaphunzirira kuwerenga. Ine mwini sindikalemba paliponse kachipewa kameneka, ngakhale muno mukuona kuti sindikukalemba. Koma pa mayina awiri amenewa maso a akuluakulu anakazolowera, ndipo ndinafuna kuti pepala la bungwe lawo lifanane ndi zimene amadziwa.

Chaka china bungwe linapeza thandizo lomangira arimazemu yosungiramo chimanga ndi mtedza. Njerwa anaumba alimi eni ake, ndipo mmisiri wamkulu anali atate. Anaigwira ntchitoyo ngati nyumba yawo. Khoma likapendekeka pang'ono ankaligumula okha asanauzidwe ndi munthu. Ine ndinali ndi pakati, ndipo makoma atafika padenga ndinapita ku Chipera kwa apongozi kukachira.

Zimene zinachitika ndili kumeneko ndinazimva pambuyo. Komputadori yakale inafa, ndipo akodenadori, bambo wa ku Tete amene ankayang'anira mabungwe angapo ngati lathu, anabweretsa ina nakoperamo kapulogarama kathu. Tsiku lotsegulira arimazemu litadziwika, komiti inagwirizana kuti pakhoma pafupi ndi chitseko pakhale simenti yosalala yolembedwa tsikulo. Apulezidenti a bungwe, amene ndinali nditawaphunzitsa kusindikiza pepala kuti azitero ine kulibe, anasankha tsiku, nasindikiza, napereka pepalalo kwa atate.

Ndinabwerera m'mawa wa tsiku lotsegulira, pa kaliyala wa njinga, mwana ali kumsana. Ndinapeza anthu atadzaza kale, azimayi akuimba, alendo ochokera ku Tete atakhala pa mipando pansi pa mtengo. Pakhoma anali atakutirapo kapulana yatsopano, nsalu ya chitenje. Atate anali chilili pambali, atavala jekete limene ankapita nalo kutchalitchi.

Zoyankhula zitatha, mlendo wamkulu anakoka kapulana ija, anthu naomba m'manja. Zilembo zinali zoongoka ngati zosindikiza, zozokotedwa ndi msomali pa simenti yaiwisi. Mzere wapamwamba unayamba ndi FÃngoÃ¨, kenako SÃ¡bado, ndipo mwezi unali MarÃ§o. Mzere wapansi, wa Chinyanja, unali bwinobwino.

Mlendo mmodzi anayamba kuseka, nagwira mnzake paphewa namulozera. Wina anatulutsa kamera najambula, kenako anaimika mnzake pambali pa simentiyo atalozapo chala, najambulanso. Ndinali pafupi, ndiye ndinamva bwino zimene ananena m'Chipwitikizi: "Ndi mmene amalembera Chipwitikizi a ku Zambia."

Azimayi anapitiriza kuimba, pakuti ambiri sanadziwe kuti pachitika kanthu. Atate mawuwo sanawamve, koma kuseka sikufuna womasulira. Ndinawaona akuyang'ana simenti, kenako alendo, kenako simenti. Chakudya chisanagawidwe anali atachoka.

Ndinawapeza kunyumba atakhala pa mpando wawo kuseri kwa nkhokwe, jekete akadavala. Anatenga mdzukulu wawo, amene ankamuona koyamba, namuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba natulutsa pepala lopinda, lothimbirira ndi simenti.

"Tayang'ana, mwanawe. Ndalakwitsa pati?"

Ndinayang'ana. Panalibe pamene analakwitsa. Kanjoka ka pamwamba pa A, timadontho tiwiri toyandama, kachizindikiro kopindika ngati mbedza ziwiri, zonse zinali papepalapo, ndipo iwo anazikopera mmene zinalili. Chosiyana chinali chimodzi. Pa pepala mzere wa Chinyanja unali wowonongekanso, unati LoÅµeruka, koma pa simenti iwo analemba Loŵeruka.

"Apa munakonza nokha," ndinatero.

"Chimenecho ndi chiyankhulo changa, ndinaona kuti makina apenga. Koma cha pamwambacho ndinafunsa apulezidenti. Ndinati, A wa njoka uyu ngwachiyani pakati pa mawu? Iwo anati ndi mmene makina atsopano amalembera Chipwitikizi cha ku boma, ndilembe momwemo."

"Si inu, atate. Ndi komputadori."

"Akuseka komputadori?"

Iwo anabweza pepalalo m'thumba, nayamba kusewera ndi zala za mwana.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ngakhale masiku anga opuma anali asanathe. Ndinayatsa komputadori yatsopano ndi kusankha masiku osiyanasiyana. Lolemba linatuluka bwino, Abril bwino, Maio bwino. Koma paliponse pamene panali kamchira, kachipewa kapena kamzere ka pamwamba, chilembo chimodzi chinkasanduka ziwiri zachilendo. TerÃ§a-feira. Ndipo timapepala totero tinali titapita kale kumidzi milungu yonse imene ine kunalibe.

Akodenadori anali asanabwerere ku Tete, ndipo analowa ndili pomwepo. Sanali munthu woipa. Pa tsiku lotsegulira iwo sanaseke nawo, anangoyang'ana pansi. Anali munthu wotopa, wa mabungwe ambiri ndi njinga yamoto imodzi. Ndinawaonetsa galasi la komputadori.

"Ndaziona, dona," anatero. "N'zosavuta. Tsegulani fisheru ija, muchotse timichira ndi tizipewa tonse. Lembani Marco, Sabado, Terca. Maofesi ambiri amatero."

"Marco si mwezi."

"Aliyense adzamva. Alimi anu ndi angati amene amadziwa sedilya? Pali ng'ombe imene idzafe chifukwa w alibe chipewa?"

"Lipoti lanu lopita kwa akuluakulu anu mumalemba Marco?"

"Lija ndi lipoti."

"Nanga ifeyo ndife chiyani?"

Anapuma mozama, nakhala pamphepete pa tebulo. Anati ntchito imene ndinalembedwera ndi yoti mapepala azituluka pa nthawi yake, osati kukonza mapulogarama, ndipo mnyamata amene analemba kapulogaramako sakudziwika kumene ali. Anati dziko lino lili ndi mavuto aakulu kuposa kamchira ka c. Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinkazidziwa kuposa iwo, chifukwa ndinali kumwa madzi a pachitsime chimodzi ndi mbuzi. Koma ndinali nditatopa ndi mawu akuti kwa anthu a kuno n'zokwanira. Mpando wothyoka mwendo, kwa a kuno n'zokwanira. Mankhwala otsala kwina, n'zokwanira. Tsopano ngakhale dzina la mwezi lifike kwa ife lodulidwa mchira, chifukwa makina akana. Ndikafuna kusiya kachipewa ndidzasiya ndekha, osati chifukwa chokanizidwa ndi bokosi la pa tebulo.

"Sindichotsa," ndinawauza.

"Ndiye mutani?"

"Ndikonza."

"Pa nthawi yanu, osati ya bungwe," anatero, natenga chisoti chawo.

Masiku otsatira ndinkasindikiza timapepala, kenako n'kukonza ndi cholembera chimodzichimodzi, kufufuta zachilendozo ndi kulemba chilembo choyenera pamwamba. Tinkaoneka tauve, koma tolondola. Masana, dzuwa likadzaza bateriya, ndinkatsegula mafisheru a kapulogarama ndi kuwerenga mizere imene sindinkaimva. Ku Tete anatiphunzitsa kulemba makalata ndi kuwerengetsa, za mkati mwa pulogarama anangotilawitsa. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti ndikatsegula fisheru ya mayina, Março anali bwinobwino ndi kamchira kake. Ankawonongeka panjira, pakati pa fisheru ndi pepala.

Nthawi imeneyo rede ya foni inali isanafike kwathu, ndiye panalibe wofunsa. Ndinadikira mpaka ndinamva za kamiyawo wopita ku Tete ndi matumba a chimanga. Ndinakopera kapulogarama konse pa fulashi, ndinaimanga pa ngodya ya kapulana, ndinabereka mwana, n'kukwera pamwamba pa matumba pamodzi ndi anyamata okumba golide. Msewu umenewo amene anaudutsa masiku amenewo akuudziwa. Tinafika tili ofiira ndi fumbi, mwana ngati kachidole ka dothi.

Ndinagona kwa mnzanga wa ku shikola, ndipo m'mawa ndinapita ku kanyumba kena kobwereketsa makomputadori a intaneti. Woyang'anira anali mayi wamng'ono wa magalasi, woyankhula Chinyungwe chothamanga. Nditamuonetsa pepala la atate, limene ndinabwereka, sanaseke. Anangoti, "Aa, matenda awa," ngati namwino woona chikuku.

Anandifotokozera motere. Komputadori sidziwa zilembo, imadziwa manambala okha. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake pa tebulo la zilembo, koma matebulowo alipo angapo. Pa zilembo wamba onse amagwirizana, n'chifukwa chake Abril sankavuta. Pa zilembo za michira ndi zipewa ndi pamene amasiyana. Fisheru yanga inasungidwa ndi tebulo lotchedwa UTF-8, limene limalemba c wa kamchira ndi manambala awiri. Koma komputadori yatsopano, posauzidwa kanthu, inkawerenga ndi tebulo lina lakale lotchedwa Latin-1, limene limatenga nambala iliyonse ngati chilembo pachokha. Ndiye manambala awiri a chilembo chimodzi ankatuluka ngati zilembo ziwiri. Komputadori yakale ija iyenera kuti mnyamata uja anaiuza ndi dzanja mmene iziwerengera, ndipo zimenezo zinafera limodzi nayo.

Ndinamva ngati munthu wandichotsa chitsotso m'diso. Ndinamufunsa chochita.

"Njira yachidule, achemwali, sungani fisheruyo ndi Latin-1, ifanane ndi mmene makina anu akuwerengera. Chipwitikizi chonse chimakwana mmenemo."

Anandionetsa pamene amasankhira posunga. Anandisindikiziranso masamba angapo ofotokoza nkhaniyi, ena a Chipwitikizi, ena a Chingerezi, nati ndikawerenge ndikapeza mpata. Ndinaseka ndekha poona kuti Chingerezi cha ku Zambia chapeza ntchito tsopano. Za mzere wa Chinyanja sindinamuuze, ndipo iye sanafunse. Ndinali ndi chimwemwe chothamangira kamiyawo wobwerera.

Nditafika ku ofesi ndinachita monga anandiuzira. Komputadori inandichenjeza kuti zilembo zina zitayika, koma ine ndinavomera osaganiza. Ndinasankha Loweruka lina la mwezi wa Março. Mzere wapamwamba unatuluka woyera: Fíngoè, Sábado, Março, chilichonse pamalo pake. Ndinatsala pang'ono kululuta. Kenako maso anatsikira pa mzere wapansi, ndipo panali Lo?eruka. Ndinayesa tsiku lina, Lachi?iri. Ndinatsegula fisheru, ndipo namonso w wa chipewa anali atasanduka chizindikiro cha funso. Pa tebulo lakale lija chilembo chimenechi mulibe n'komwe. Amene analipanga anaganizira ziyankhulo zawo, ndipo chathu sichinali m'gulumo.

Apulezidenti anandipeza ndikuyang'ana galasi, manja ali m'masaya. Chichitikire za simenti ankandizemba, koma tsiku limenelo anasuzumira naona.

"Koma mwakonza, amake mwana," anatero mokondwa. "Chipwitikizi chili bwino. Chinyanjacho ingoikani w wamba, tonse timamva."

Akanakhala wina ndikanavomera mwina, pakuti ndinali nditatopa, ndipo w wamba si tchimo. Koma zinandiwawa kuti ulendo wonse uja ndapita kukapulumutsa kamchira ka eni ake, ndipo chathu ndiye chigonje. Mzere umene atate anaukonza okha popanda wowauza, ine ndiugwetse ndi dzanja langa?

"Onse awiri akhala," ndinatero. "Pepala limodzi, mizere iwiri."

Ndinatenga masamba aja kupita nawo kunyumba. Ndinkawerenga poyamwitsa, pophika, podikira madzi pachitsime. Ambiri ankanena za zinthu zimene sizinkandikhudza. Koma tsamba lina la Chingerezi linanena chinthu chimene chinandikhazika pansi: tebulo la UTF-8 lili ndi malo a zilembo za ziyankhulo zonse, ndipo cholakwika si kusunga nalo, koma kusauza wowerenga kuti wasunga nalo. Pamutu pa tsamba lililonse limene pulogarama ikutulutsa payenera kukhala kamzere konena tebulo limene lagwiritsidwa ntchito. Kamzereko kanalembedwa pomwepo.

Ndinafufuza m'mafisheru mpaka ndinapeza pamene mutu wa tsamba umalembedwa. Kamzere kotero kunalibe. Ndinakalemba mosamala, ndikuyang'ana chilembo chilichonse, mpaka pa mawu akuti charset=utf-8. Nditayesa, zinthu zinaipiratu kuposa kale. Pamalo pa kamchira panabwera kabokosi kakuda, pa Sábado kabokosi, pa Fíngoè mabokosi awiri, ndipo chizindikiro cha funso chija chili pomwepo. Ndinazimitsa komputadori, n'kutuluka panja. Kutsogolo kwanga kunali arimazemu ndi simenti yake, ana a shikola ataima akuyesa kuwerenga mokweza n'kumaseka.

Ndili chiimire pomwepo ndinakumbukira kuti fisheru ya mayina ndinali nditaisintha kale. Tsopano wowerenga ankayembekeza UTF-8, pamene fisheru inali ya Latin-1. Ndinangotembenuza matenda omwe aja. Ndinabwerera m'kati, ndinatenga fisheru yoyamba imene inatsala pa fulashi, yosakhudzidwa, n'kuibwezera pamalo pake. Ndinasankhanso tsiku.

Zonse zinatuluka. Sábado ndi kamzere kake, Março ndi kamchira kake, Loŵeruka ndi kachipewa kake, pa tsamba limodzi. Sindinakhulupirire galasi, ndiye ndinasindikiza. Ndinayesa masiku onse a mlungu ndi miyezi yonse ya chaka, mpaka bateriya inayamba kulira. Mwana anali atadzuka kalekale akulira nayenso, ine osamumva.

Pa msonkhano wa komiti wotsatira ndinaika pepala labwino pa tebulo ndi kupempha kuti simenti ya pakhoma ikonzedwe. Anakana. Apulezidenti anati chinthu chimene chavundukulidwa ndi alendo a ulemu sichigumulidwa, kungakhale kuwanyoza. Wina anati tidikire akodenadori akafunse ku Tete. Wina anati zapita zapita, chimanga sichiwerenga. Ndinayankhula mpaka mawu anandithera, koma anaimika manja ndipo ndinagonja.

Madzulo ndinapita kwa atate ndi pepala lomwelo, n'kuwauza zonse. Iwo chichitikire zija anali asanapondeko ku arimazemu, ngakhale kudutsa njira ya kumeneko. Analiyang'ana pepalalo, akuyendetsa chala pansi pa mzere wapamwamba.

"Ili ndiye loona?"

"Ili ndiye loona."

"Ukutsimikiza? Usandipatsenso za njoka."

"Ndikutsimikiza, atate."

Anandifunsa za chifuwa cha mwana, ndipo ndinapita kwathu.

Linali tsiku la msika pamene mtsikana wogulitsa mandasi anabwera ku ofesi kudzandiuza kuti atate akugumula arimazemu. Ndinathamanga. Ndinawapeza ataima pa njerwa ziwiri, nyundo ndi tchizulo m'manja, akusema mzere wapamwamba pang'onopang'ono kuti wapansi usakhudzidwe. Pansi panali ndowa ya madzi, mchenga wosefa, ndi simenti pang'ono m'kathumba, yotsala pa ntchito ina. Dzuwa linali pamutu, ndipo anthu opita kumsika ankaima ndi njinga zawo kuonerera. Sanasankhe nthawi yobisika.

Apulezidenti anafika akupuma mofulumira.

"Apedereru, mwapempha yani?"

Atate sanatembenuke. "Khoma ili ndinamanga ndine. Likang'aluka mumaitana ine, simupita kukapempha ku Tete. Apa pang'aluka."

"Komiti inakana."

"Komiti inandipatsa pepala lolakwa, ine n'kusekedwa. Lero ndili ndi lolondola. Mukafuna kundiletsa, gwirani nyundoyi."

Panalibe amene anaigwira. Apulezidenti anaima kanthawi, kenako anakakhala pa mwala chapatali, ndipo simenti itayamba kusakanizidwa ndi iwo amene anatuma munthu kukawonjeza madzi.

Atate anapaka, nasalaza, nadikira kuti igwire pang'ono. Kenako anatulutsa msomali m'thumba la malaya nandiuza kuti ndigwire pepala pafupi ndi nkhope yawo. Analemba Fíngoè, akundifunsa kuti kamzere koyamba kapendekera kuti, kachiwiri kuti, pakuti timasiyana. Atafika pa mwezi anaima.

"Kamchira aka kamapindikira mbali iti?"

Ndinagwada n'kuwajambulira pa dothi ndi chala, kakakulu. Anakayang'ana, anayesa kamodzi m'mwamba ndi msomali, kenako anakalemba pa simenti kamodzi kokha, osabwereza. Mphunzitsi wina amene anali m'gulu la oonerera anawerenga mzere wonse mokweza, ndipo anthu anayamba kubalalika kupita kumsika. Atate anatsuka zida zawo m'ndowa, nathira madzi otsalawo pa tsinde la papaya.

Chigambacho chinauma ndi mtundu wosiyana ndi simenti yoyamba, ndipo chimaoneka mpaka lero. Alendo amene anaseka aja sanabwerenso, ndipo chithunzi chawo chili kumene chili, sindingachifikire. Akodenadori atabwera ulendo wotsatira anaima pa chitseko cha arimazemu, anayang'ana khoma, kenako anafunsa ngati anankafumbwe alowa m'chimanga. Mu ofesi anatenga kapepala kamodzi pa mulu wa timapepala ta katemera, anakawerenga, nakabwezera. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zingapo, tikulemekezana, koma osazolowerana.

Mvula itatha chaka chimenecho, anthu a ku Malowera anaitana atate kuti akamange chipupa cha chitsime chatsopano, ndipo nawonso anafuna tsiku lilembedwe. Atate anabwera okha ku ofesi, koyamba kulowamo, njinga atamangirira kale zida. Anaima kumbuyo kwanga ndikusankha tsiku, ndipo pepala litatuluka anakana kulilandira.

"Undiwerengere kaye, chilembo ndi chilembo."

Ndinawawerengera mizere yonse iwiri, iwo akutsatira ndi chala. Mwezi unali Junho.

"Umenewu ulibe mchira?"

"Ulibe, atate."

"Chabwino, ntchito yachepa," anatero. Analipinda pepalalo kanayi, analiika m'thumba la malaya, natuluka kukakwera njinga.